Mtsuko wa Thobwa ndi Botolo la Juwisi Wosasa

Pa tsiku la msika ku Nsaru kapena ku Namitete, zakumwa ziwiri zimagulitsidwa moyandikana, koma ulemu umene zimalandira ndi wosiyana. Panja, pamthunzi wa mtengo, pamakhala amayi ndi ndowa zovundikira, akutunga thobwa ndi kapu kapena kulithira m'mabotolo amene kale munali zakumwa zina. M'golosale muli mabotolo omata mapepala okongola, ena olembedwa kuti kombucha, amene anthu amagula pokhulupirira kuti amakonza m'mimba. M'mafoni namo mwadzaza maphunziro a kasasitsidwe ka madzi a chinanazi, mango kapena malalanje pakhomo, kuti munthu apeze tizilombo tabwino ta m'matumbo timene asayansi amatitcha probiotics. Woyang'ana mwapatalipatali anganene kuti nzeru yatsopano yafika kudzaphunzitsa anthu a kumudzi. Koma mbiri ya midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula, kwa Khongoni ndi kwa M'bwatalika ikunena zina. Luso losasitsa chakumwa kuti chikome, chisadwalitse ndiponso chipepuke m'mimba ndi lakale kuno kuposa msewu wa ku Mchinji, kuposa fodya, kuposa ngakhale ufumu wa chimanga m'minda yathu. Kungoti makolo luso limeneli adaliika pa mbewu za m'nkhokwe, osati pa zipatso, ndipo adali ndi zifukwa zomveka. Ndikuona kuti wofuna kusasitsa zipatso lero sapita patali akapanda kuyamba wamvetsa zifukwa zimenezo.

Tiyambire pa chimera, poti thobwa lopanda chimera ndi phala chabe. Chimanga kwawo ndi ku America. Chidafika kugombe la Africa ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500, ndipo padapita mibadwo yambiri chisadalande malo a mapira ndi mawere m'minda ya Achewa. Mbewu ziwirizi ndi za kuno ku Africa, ndipo ndi zimene zidaphunzitsa anthu kumeretsa. Mayi amaviika mbewu m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, n'kuzikhuthulira pa thumba lonyowa kapena pa masamba a nthochi, n'kuzifunditsa. Pakapita masiku atatu kapena anayi timizu toyera tatuluka. Apo amaziyanika padzuwa mpaka ziume gwa, kenaka n'kusinja mumtondo kapena kupita nazo kuchigayo. Tsiku lophika likafika amaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu, masiku ano mumgolo wodula pakati, n'kuliphula kuti lipoleko. Ukatswiri wonse wagona pamenepa. Akathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, chimera chimapsa ndipo phala limangokhala nga momwe linaliri. Akachedwa mpaka lizizire zii, chimera chimagwira ntchito mwaulesi. Mayi wodziwa amayesa ndi chala chake, ndipo akathira pa nthawi yake phala lolimba lija limasungunuka iye akuona, n'kuyamba kutsekemera popanda shuga ndi pang'ono pomwe. Ambiri amalibwezanso pamoto kuti liwire kachiwiri, kenaka n'kulithira mumtsuko, n'kuvundikira kuti ligone. Banja lililonse lili ndi kaphikidwe kake, ena amakonda chimera cha mawere chifukwa cha fungo ndi kufiira kwake, ena cha chimanga chifukwa ndi chimene ali nacho, koma njira yake ndi imodzi: moto poyamba, chimera pakati, kudikira pomaliza.

Zimene zimachitika mumtsukomo usiku umenewo asayansi adazifotokoza mochedwa. Mbewu ikamamera imapanga mphamvu yophwanya ufa wa m'kati mwake kuti usanduke shuga wodyetsa kammera, ndipo mphamvu imeneyo, ikasungika m'chimera chouma, ndi imene imasungunula phala. Shuga akapezeka, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'chimera, m'zipupa za mtsuko ndi pa mthiko timayamba kudya. Toyamba kuchuluka ndi mabakiteriya a mtundu wa Lactobacillus ndi abale ake, omwewo amene amasandutsa mkaka kukhala chambiko. Iwo amatulutsa asidi amene amapatsa thobwa kusasa kwake kokoma kuja. Pang'ono ndi pang'ono yisiti nayenso amachuluka, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa shuga kukhala choledzeretsa. N'chifukwa chake thobwa la tsiku loyamba amamwa ndi ana omwe, la tsiku lachitatu limayamba kuluma lilime, ndipo likapitirira, makamaka akaonjezera chimera china, lasanduka mowa wa masese. Louis Pasteur wa ku France adalemba za tizilombo topanga asidi ameneyu m'chaka cha 1857. Amayi a kuno dzina la Lactobacillus sankalidziwa, koma ankadziwa kuti mtsuko wozolowera thobwa umasasitsa msanga kuposa watsopano, kuti m'nyengo yozizira ya Juni thobwa limachedwa, ndi kuti la mu Okutobala silidikira munthu. Ndiponso kusasitsa sikudathere pa thobwa. Ufa woyera umachokera ku mphale yoviika masiku angapo mpaka madzi ake, matsukwa aja, atasasa ndi kutulutsa fungo. Banja la ku Mpingu limene limadya nsima ya ufa woyera limadya chakudya chodutsa m'kusasa tsiku ndi tsiku osaganizako n'komwe.

Umboni waukulu wa mmene anthu ankalikhulupirira thobwa uli pa anthu amene ankapatsidwa. N'zoona kuti linali pa ntchito ndi pa mwambo uliwonse. Wofuna kuti munda wake ulimidwe msanga ankafulula mowa n'kuitana anzake ku dima, ndipo thobwa linkatsogola kumunda pamutu pa amayi, chifukwa munthu wogwira khasu dzuwa la Novembala lili paliwombo amafuna chothetsa ludzu ndi njala nthawi imodzi koma chosam'foola miyendo. Pa chinamwali, pa ukwati, pamaliro pamene adzukulu akukumba manda, pa bona pamene zilombo za Gule Wamkulu zimatuluka kudambwe kudzatsazika womwalira, mitsuko inkandandalika. Ku kachisi wa mvula, monga wa Makewana ku Msinja m'mphepete mwa Dzalanyama, ufa ndi mowa zinali pakati pa nsembe. Koma chimene chiyenera kutigwira mtima ndi ichi: mayi wa m'chikuta amapatsidwa thobwa kuti mkaka ubwere, wodwala amene nsima yam'kanika amayambira pa thobwa, nkhalamba yopanda mano imakhalira lomwelo, ndipo mwana wosiya kuyamwa amalimwa mosavuta chifukwa ndi lamadzimadzi koma lokhutitsa. Mudzi supereka kwa ofooka ake chinthu chimene sudachiyese kwa mibadwo. Kuti thobwa limabweretsadi mkaka kapena limangom'patsa mayiyo madzi ndi mphamvu zimene thupi loyamwitsa limafuna, zotsatira zake kwa khanda ndi zimodzi.

Nanga zipatso zinali kuti? Sikuti kudalibe. Tchire la m'chigwa cha Lilongwe, lisadathe, linali ndi masuku, maula, nthudza, mateme, matowo ndi mpinjipinji, ndipo pambuyo pake padabwera mango, magwafa ndi mapapaya, zipatso zachilendo zimene lero timaziona ngati zathu. Komabe palibe chipatso chimene chidakhala chakumwa chosasa cha tsiku ndi tsiku ngati thobwa, ndipo sindikhulupirira kuti chifukwa chake chinali umbuli. Choyamba ndi nyengo. Masuku ndi mango zimapsa pamodzi kuyambira Novembala mpaka Januwale, zimachuluka mpaka kusowa wodya, kenaka zii mpaka chaka chamawa. Pamene chimera chouma chimakhala mudengu miyezi, ndipo nkhokwe imapereka ufa tsiku lililonse limene mudzi wafuna. China ndi chikhalidwe cha chipatso chenichenicho. Phala limayambira pamoto, umene umapha tizilombo toipa tambiri, ndipo shuga wake amachita kutuluka ndi chimera. Chipatso chimabwera ndi shuga wokonzeka kale, khungu lake lili ndi yisiti wa kuthengo, ndipo chimapsa m'miyezi yotentha kwambiri. Madzi a masuku kapena mango akangosiyidwa masiku awiri amachita thovu, tsiku lachitatu akuledzeretsa, ndipo akapitirira asanduka viniga kapena aola. Nthawi imene angakhale osasa bwino koma osaledzeretsa ndi yaifupi kwambiri. N'chifukwa chake m'mbiri yathu chipatso chosasitsidwa chidalowera ku mowa. Dzina la kachasu lidachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti cachaça, ndipo luso lotcheza lidakwera kuchokera ku Zambezi, kumene masau a ku Tete ndi ku chigwa cha Shire mpaka lero ndi otchuka pa ntchito imeneyi. Zipatso zowawasa kale, malambe ndi bwemba, anthu ankangoziviika m'madzi n'kumwa kapena kuthira m'phala, osadikira kuti zigone. Ndipo mitengo yake ndi ya kumadera otentha a kunyanja ndi kuchigwa, kotero ku Kabudula zimafika ngati malonda. Makolo adasiyanitsa bwino: mbewu ya m'nkhokwe ndi yodyetsa banja, chipatso chogona ndi cha akuluakulu ofuna kusangalala.

Chinthu choyamba chimene chidasokoneza dongosolo limeneli ndi kubwera kwa mishoni. Amishoni a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, ndipo mpingo umene adabzala udaletsa akhristu ake kufulula, kugulitsa ndi kumwa mowa. Ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers, amene adakhazikika ku Likuni ndi ku Kachebere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pambuyo pake ku Nambuma ndi ku Namitete, sadaumirire chotero pa mowa, koma adalimbana kwambiri ndi Nyau, ndipo mowa wa pa bona sukadalekanitsidwa ndi gule. Zotsatira zake zidali ziwiri. Thobwa lidapulumuka, lidakwezedwanso, chifukwa lidasanduka chakumwa cha mkhristu: pa ukwati wa kutchalitchi, pa msonkhano wa chigwirizano cha amayi, pomanga chiliza, thobwa ndilo lidalowa m'malo a mowa. Koma lidapulumuka litadulidwa msinkhu. Mayi woopa kuitanidwa kubwalo la akulu a mpingo adaphunzira kulipereka lisadasase, likadali lotsekemera, kuti wina asati wamwetsa anthu mowa. Malire a pakati pa thobwa ndi mowa, amene kale anali nkhani ya lilime ndi masiku, adasanduka nkhani ya tchimo. Sindikunyoza cholinga cha mipingo. Uchidakwa udapasula ndipo ukupasulabe mabanja ambiri. Ndikungoti kusasa, kumene kuli mtima wa ubwino wa thobwa m'mimba, kudayamba kukayikiridwa, ndipo amayi odziwa bwino kwambiri za chimera ndi mitsuko, amene nthawi zambiri anali ofulula mowa omwewo, nzeru zawo zidatsika mtengo pamaso pa ophunzira.

Chachiwiri chidali ndalama. Cha m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, adatsegula esiteti ku Mbabzi n'kuyamba kulimbikitsa anthu a m'midzi kulima fodya woumitsa ndi utsi. Mu 1926 boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board, ndipo malo ngati Nsaru adakula ndi msika wa fodya. Fodya wa chikopa amadya nkhuni, zigafa zimadya mitengo, ndipo anthu atachuluka tchire lidabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Masuku amene mwana wa ku Nambuma ankatola popita kubusa lero amabwera m'madengu kuchokera kunkhalango zotsala. Kuyambira mu 1968 pulogalamu ya Lilongwe Land Development Programme, ya ndalama za World Bank, idabweretsa misewu, mijigo, ngongole za feteleza ndi chimanga cha haibulidi m'madera ambiri a kumadzulo kwa boma la Lilongwe. Zabwino zake zilipo, makamaka madzi a pamjigo, koma alangizi ankayeza mlimi ndi chimanga, mtedza ndi fodya. Mawere ndi mapira sizinali m'mabuku awo, ndipo zidachepa m'minda. Nthawi yomweyo shuga wa ku Nchalo, kumene fakitale idayamba mu 1966, adafika mpaka m'kanyumba ka hokala. Shuga adasintha thobwa kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa adachititsa kuti chimera chofooka chisaonekenso: phala likakana kutsekemera, supuni zingapo zimabisa cholakwacho. Padabweranso Chibuku, amene adayambira ku Zambia m'zaka za m'ma 1950, Carlsberg amene adatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, Sobo ndi Fanta. Mlendo wolemekezeka adayamba kulandiridwa ndi botolo, ndipo chipanda cha thobwa chidatsalira alendo a pafupi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene ife tinkatsitsa chakumwa chathu, asayansi akunja ankakweza zofanana nacho. Mu 1907 Élie Metchnikoff, wa ku Pasteur Institute ku Paris, adafalitsa ganizo lakuti mabakiteriya a mumkaka wosasa, monga umene ankamwa alimi a ku Bulgaria, amathandiza matumbo. Ku Japan, Minoru Shirota adapatula mtundu umodzi wa mabakiteriyawa, ndipo mu 1935 chakumwa cha Yakult chidayamba kugulitsidwa. Ngakhale kuno kwathu ena adaona. Pa kafukufuku wa kadyedwe wa mu 1938 ndi 1939, amene adachitikira m'midzi ya m'boma la Kota Kota la nthawi imeneyo, lomwe linkaphatikizapo Ntchisi, Dr B. S. Platt adachita chidwi ndi gawo la mowa wa masese ndi zosasitsa zina m'chakudya cha anthu, ndipo pambuyo pake adalemba zoti kumeretsa ndi kusasitsa kumaonjezera mavitamini m'mbewu zosauka. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza a ku Tanzania ndi ku Sweden adayesa togwa, mbale wake wa thobwa ngakhale pa dzina, napeza kuti akasasa mokwanira tizilombo totsegula m'mimba timalephera kuswanamo, ndi kuti ufa wa chimera umalola mayi kupatsa mwana phala lamadzimadzi lokhala ndi ufa wambiri, motero mwana wa mimba yaing'ono amapeza mphamvu zochuluka m'kapu imodzi.

Apa wina angatsutse, ndipo ali ndi mfundo. Mu 2001 akatswiri a mabungwe a FAO ndi WHO adagwirizana kuti dzina la probiotic liyenera tizilombo tamoyo, todyedwa pa mlingo wokwanira, timene phindu lake m'thupi latsimikizika. Thobwa silikwanitsa muyezo umenewu nthawi zonse. Limene labwezedwa pamoto n'kumwedwa tsiku lomwelo mulibe tizilombo tamoyo tokwanira kutchula. Ndi phala lotsekemera, labwino pa njala koma osati pa nkhani tikukambayi. Limene lagona lili nato tambiri, koma mitundu yake imasiyana mtsuko ndi mtsuko, ndipo palibe amene angalonjeze kuti ndi mtundu wakuti, wochiza vuto lakuti. Zonsezi ndikuvomera. Koma muyezo womwewo uyenera kugwiranso juwisi wosasitsa pakhomo, amene nayenso amadalira tizilombo ta mwayi ta pakhungu la chipatso, ndiponso mabotolo ambiri a m'golosale, amene ena amatenthedwa kufakitale kuti asaphulike pa shelefu, kotero kuti tamoyo mulibe. Ngati tikukana thobwa chifukwa silidayesedwe mulabotale, tisalandire chinanazi cha pa WhatsApp popanda funso lomwelo. Ndipo ubwino wa chakumwa chosasa suli pa tizilombo tamoyo tokha: asidi amateteza chakumwacho, ufa wophwanyika umagayika mosavuta, ndipo kumeretsa ndi kusasitsa kumachepetsa zinthu za m'gaga zimene zimatsekereza thupi kuyamwa ayironi ndi zinki.

Kutsutsa kwachiwiri ndi kolemera kuposa apo. Ngati thobwa linali chishango cha m'mimba, bwanji ana ankafa ndi kutsegula m'mimba m'midzi yomweyi? Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere ochokera ku Luxembourg adatsegula mu 1959, sichidamangidwe pakati pa anthu osadwala. Ndipo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sudasiye Lilongwe, a zaumoyo ankachenjeza za zakudya ndi zakumwa zogulitsa m'misika. Yankho loona ndi lakuti thobwa silinali mankhwala, ndipo amene angalitenge m'malo mwa Thanzi ORS kapena chipatala mwana akutsegula m'mimba akuika moyo wa mwanayo pachiswe. Mwana wa kale sankamwa thobwa lokha; ankamwanso madzi a padambo, ankakwawa pabwalo lopanda chimbudzi. Chimene kusasa kumachita ndi kuteteza chakumwa chimene chasasacho, osati mudzi wonse. Tizilombo ta kolera sitipirira asidi, koma thobwa la pamsika nthawi zambiri limakhala lisadasase, lothiridwa shuga, nthawi zina losungunulidwa ndi madzi osaphitsa kuti lichuluke, n'kuikidwa m'mabotolo otoleza otsukidwa m'beseni limodzi. Tikayang'anitsitsa, zoopsa zonsezi ndi zinthu zimene zidalowa m'thobwa pambuyo pake: mantha a kusasa, shuga, botolo, ndi changu cha malonda.

Pali vuto lina limene makolo sadalithetse, ndipo sitiyenera kulibisa. Ndi chuku. Mbewu yonyowa, yofunditsidwa masiku angapo pamalo otentha, ndi munda wabwino wa nkhungu zimene zimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndipo amaganiziridwa kuti amapinimbiritsa ana. Ofufuza a ku Malawi konkuno, ena a iwo ochokera ku Chitedze, malo a kafukufuku wa ulimi amene adakhazikitsidwa mu 1948 pafupi ndi Mpingu, adapeza poizoni wa chuku m'chimera ndi m'mowa wa masese. Chizolowezi chopatula chimanga choola kapena chofumbwa kuti ndi cha chimera chimakulitsa vutoli, chifukwa poizoni ameneyu satha ndi kuwiritsa kapena kusasitsa. Apa sayansi ili ndi chotiphunzitsa chimene agogo sakadachiona ndi maso: chimera chifunika mbewu yabwino koposa ya m'nkhokwe, osati yotsalira, ndipo chiume msanga pa mphasa kapena pathandala, osati padothi. Phunziro lomweli likhudza zipatso mwachindunji, chifukwa chiyeso chachikulu cha wosasitsa juwisi ndi kutola mango ogwa, ovulala ndi oyamba kuola, poganiza kuti kusasa kukonza zonse.

Kutsutsa komaliza kumachokera mbali ina: ngati makolo sadasasitse zipatso, tilekeretu? Ayi. Zinthu zasintha. Mu Disembala mango amaolera pansi m'midzi ya kwa Kabudula pamene mu Febuluwale ana a m'midzi yomweyo akusowa chotafuna. Magwafa amadzala m'madambo. Shuga, mabotolo otsekeka ndi madzi a pamjigo zilipo, ndipo ena ali ndi firiji ya magetsi a dzuwa. N'zomveka kufuna kusandutsa zipatso zimenezi chakumwa chabwino. Koma wochita zimenezi apeza kuti malamulo ake ndi a mayi wa thobwa uja. Moto uyambe: madzi aphitsidwe, chiwiya chitsukidwe ndi madzi otentha, ndipo madzi a chipatso akatenthedwa pang'ono yisiti wa kuthengo amachepa. Pakhale mbewu ya kusasa yodziwika, monga madzi a pamwamba pa chambiko kapena yogati yamoyo, m'malo modalira mwayi, monga mmene mtsuko wakale unkaperekera mbewu kwa thobwa latsopano. Chiwiya chivundikiridwe koma mpweya uzituluka, chifukwa botolo lotsekedwa ndi mphamvu limaphulika. Masiku awerengedwe ndi lilime: tsiku limodzi kapena awiri m'nyengo yotentha, ndipo chikayamba kuluma ndi kununkha mowa sichilinso cha ana kapena cha amayi oyembekezera, ngakhale chitchedwe juwisi. Chikamera ubweya pamwamba, chitayidwe chonse. Ndipo chipangidwe chochepa, chomwa lero ndi mawa, monga thobwa silinkafululidwa kuti lisungidwe mwezi. Juwisi wotero sathetsa vuto la mango oola chaka chonse. Kuyanika zipatso n'kumene kungathandize pamenepo. Wodwala shuga akumbukirenso kuti kusasa kwa masiku awiri sikumaliza shuga wa m'chipatso.

Ntchito imene yatsala ndi ya ophunzira athu, ndipo ikufulumira. Mbewu ya kusasa yoyenera mango ndi magwafa a kuno siyenera kuchokera ku Denmark kapena ku Japan pokhapokha ngati tayamba tafufuza kwathu n'kuisowa. Mabakiteriya amene akhala akusasitsa thobwa la ku Nsaru ndi ku Nambuma kwa mibadwo adazolowera kutentha kwathu ndi mbewu zathu, ndipo ku Bunda ndi ku Chitedze kuli anthu odziwa kuwapatula, kuwatchula maina ndi kuyesa ngati ena mwa iwo ali ndi phindu lotsimikizika m'matumbo. Malo owapeza ndi m'zipupa za mitsuko yadothi, imene timabowo take timasunga tizilombo ta thobwa lapitalo ngakhale mtsukowo utatsukidwa. Mitsuko imeneyo ikutha. Oumba mbiya achepa, ndowa ya pulasitiki ndi yotchipa ndipo siisweka pa njinga popita kumsika, ndipo amayi amene akusungabe mtsuko wa thobwa kuseri kwa khitchini ambiri ndi agogo. Wofufuza amene afike ku Kabudula zaka makumi awiri zikubwerazi angapeze thobwa likugulitsidwabe, koma mtsuko umene udalisasitsa kuyambira nthawi ya mawere utasweka kale.